Chigayo Chimene Sitimachimva

Tikamanena kuti chakudya chagayika, maganizo athu amathamangira kumimba. Sitilakwa potero, pakuti kumeneko ndiko kumalira njala ikatigwira, ndipo ndiko kumalemera tikadya mosadziletsa pa phwando la ukwati. Mawu akuti kugaya ndi omwewo amene timanena kuchigayo, kumene mphale imalowa ili njerenjere ndi kutuluka ili ufa wosalala. Komatu m'thupi mwathu muli chigayo china chimene sitimachimva kulira, chimene sichitseka usana kapena usiku, kaya tadya kaya tagona ndi njala. Chigayo chimenechi chili m'kati mwa maselo, tizipinda tosaoneka ndi maso timene thupi lidamangidwa nato monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Kupatula maselo ofiira a magazi, pafupifupi selo lililonse la munthu lili ndi matumba aang'ono zedi odzaza ndi madzi ogayira, ndipo dzina lake kwa akatswiri ndi malaisosomu. Mwezi uno tati tilondole mbiri ya matumba amenewa, pakuti ndi mbiri imene idayambira kutali ndi ife koma idafika mpaka pa mphasa ya mwana wodwala malungo kwathu kuno.

Ngakhale za mimba yaikuluyi anthu adachedwa kuzimvetsa. Kwa zaka mazana ambiri anthu ophunzira ankatsutsana: ena ankati chifu chimapera chakudya ngati mphero, ena ankati chimachiphika ndi kutentha kwa thupi, enanso ankati chakudyacho chimangowola m'menemo. Chimene chidathandiza kwambiri kuthetsa mkanganowu ndi ngozi. Mu Juni 1822, pa chilumba cha Mackinac ku America, mnyamata wina wa ku Canada, Alexis St. Martin, adaomberedwa mwangozi ndi mfuti, ndipo chilonda chake chitapola chidasiya kabowo kofika mpaka m'chifu. Dotolo wa asilikali amene adamuchiza, William Beaumont, adapezerapo mwayi pa tsoka la mnzakeyo. Ankamangirira tinthuli ta nyama ku ulusi, kutilowetsa pa kabowoko ndi kutitulutsa patapita maola. Ankatunganso madzi a m'chifumo ndi kuwathira m'botolo pamodzi ndi chakudya, ndipo chakudyacho chinkasungunuka ngakhale m'botolomo, kunja kwa thupi. Zonsezi adazisindikiza m'buku mu 1833. Tisaiwale pano kuti St. Martin adali mmphawi wolembedwa ntchito ndi dotoloyo, ndipo koposa kamodzi adamuchokera kubwerera kwawo atatopa nazo. Mabuku amatamanda dotolo, koma chifu chidali cha wina.

Pofika 1824 William Prout wa ku England adali ataonetsa kuti m'madzi a m'chifu muli asidi waukali, ndipo mu 1836 Theodor Schwann wa ku Germany adapezamo chinthu chachiwiri chimene chimadula nyama, nachitcha pepsin. Chinthu chotere lero chimatchedwa enzaimu. Dzina lokha ndilo lachilendo kwa ife, chinthucho ayi. Mayi aliyense wophika thobwa amadziwa kuti phala lolimba likathiridwa chimera limasungunuka ndi kuyamba kutsekemera, ndipo amadziwanso kuti ayenera kudikira phalalo lizizireko, chifukwa likakhala likadali lowira chimera chimafa mphamvu. M'chimera muli enzaimu imene imadula ufa kuusandutsa shuga. Enzaimu iliyonse ili ndi chinthu chake chimene imadula, ndiponso malo ake amene imagwiramo bwino ntchito. Pepsin amafuna asidi. Mfundo imeneyi tiisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Schwann yemweyo mu 1839 adalemba kuti nyama zonse, monganso zomera, zidamangidwa ndi maselo, ndipo chaka chomwecho adayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Louvain ku Belgium. Munthu mmodzi adagwira nsonga ziwiri za chingwe, kugaya mbali ino, selo mbali inayo, koma panafunika zaka zoposa 100 kuti nsongazo zilumikizidwe, ndipo zidalumikizidwa ku Louvain komweko.

Pakati pa nyengo ziwirizi paima munthu wa ku Russia, Élie Metchnikoff. Iyeyu adali katswiri wa tizilombo ta m'nyanja yamchere, ndipo funso limene linkamusowetsa tulo lidali lakuti: nanga zamoyo zimene zilibe chifu zimadya bwanji? Adaona kuti m'tizilombo tambiri totere maselo enieniwo ndiwo amameza chakudya. Selo limatambasuka, limakuta kanyenyeswa, limakatsekera m'kathumba, ndipo pang'onopang'ono kanyenyeswako kamasungunuka m'katimo. Chakumapeto kwa 1882, ali ku Messina pa chilumba cha Sicily, ankayang'ana ana a kachilombo kena ka m'nyanja kooneka ngati nyenyezi. Anawo thupi lawo limaonekera ngati galasi, kotero kuti ankatha kuona maselo ena akuyendayenda m'katimo. Adaganiza kuti mwina maselo oyendayendawa samangodya chabe, koma amatetezanso thupi. Adatenga minga ya duwa la rozi, nabaya nayo tianato, ndipo m'mawa mwake adapeza maselo aja ataunjikana mozungulira minga monga momwe mafinya amasonkhanira pa chala chathu tikabayidwa ndi chisonga.

Apa ndiye padabadwira chiphunzitso chakuti maselo oyera a magazi amadya tizilombo toyambitsa matenda. Ambiri adamutsutsa zaka zambiri, makamaka akatswiri a ku Germany amene ankakhulupirira kuti chitetezo chonse chili m'madzi a magazi, osati m'maselo. Mbali zonse ziwiri zidali ndi choona chake, ndipo mu 1908 mphotho ya Nobel idagawidwa pakati pa Metchnikoff ndi Paul Ehrlich wa mbali inayo. Kwa Metchnikoff, kudya ndi kudziteteza idali ntchito imodzi: chimene kachilombo ka selo limodzi kamachita kuti kakhute, selo loyera la munthu limachita kuti munthuyo achire. Adaonanso kuti m'kathumba komezerako mumakhala asidi, ndipo adakhulupirira kuti mumakhala maenzaimu. Koma sadathe kunena kumene maenzaimuwo amasungidwa selo lisanameze kanthu, kapena chifukwa chake sagaya selo limene lawasunga. Adamwalira ku Paris mu 1916 funsolo lili chikhalire.

Kuti liyankhidwe panafunika chida chatsopano, ndipo amene adachisula ndi Albert Claude, wa ku Belgium, amene ankagwira ntchito ku Rockefeller Institute mu mzinda wa New York. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 iye adakonza njira yogawira ziwalo za m'kati mwa selo. Tikavundula madzi a matope m'ndowa ndi kuwasiya, mchenga umayamba kukhala pansi, dothi losalala limatsatira pambuyo. Claude ankapera chiwindi mofatsa kuti maselo aphulike koma za m'kati mwake zisasweke, kenaka ankazunguza phalalo m'makina othamanga kwambiri. Zolemera zinkakhala pansi poyamba. Akaonjezera liwiro zinkatsatira zopepukirapo, mpaka chilichonse chili m'botolo lakelake.

Tsopano tafika kwa mwini nkhani. Christian de Duve adabadwira ku Thames Ditton, pafupi ndi London, mu 1917, makolo ake atathawirako nkhondo kuchokera ku Belgium. Adakulira ku Antwerp, nalowa yunivesite ya Louvain mu 1934 kukaphunzira udotolo. Mtima wake wonse udali pa chinthu chimodzi: kudziwa m'mene insulini amagwirira ntchito, ndi kuthandiza odwala matenda a shuga. Chifukwa cha ichi adakaphunzira ku Stockholm ndi ku St. Louis, ndipo atabwerera ku Louvain mu 1947 adasonkhanitsa kagulu ka achinyamata kuti afufuze enzaimu ina ya m'chiwindi imene imatulutsa shuga kupita m'magazi. Za kugaya sizidali m'maganizo mwake n'komwe.

Mu Disembala 1949 iye ndi ophunzira ake, mmodzi mwa iwo Jacques Berthet, adayesa njira ya Claude pa chiwindi cha khoswe. Kale ankapera chiwindi ndi makina a mipeni othamanga kwambiri, onga aja operera zipatso, amene amaswa chilichonse. Ulendo uno adapera mofatsa m'madzi a shuga. Pambali pa enzaimu imene ankaifuna, ankayezanso ina yotchedwa acid phosphatase, mongofuna kuyerekeza basi. Atayeza adapeza kuti mphamvu ya enzaimu yachiwiriyi idali gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a mphamvu imene adaizolowera. Aliyense wa ife akadati dzanja laphonya penapake, ndipo iwonso adaganiza chomwecho. Mwamwayi sadataye mabotolowo, adawaika m'firiji. Patapita masiku asanu adayezanso, ndipo mphamvu ija idapezeka itabwerera yonse, makamaka m'botolo limene mudali ziwalo zotchedwa mitochondria, zimene zimapatsa selo mphamvu.

Chinthu chikasungidwa masiku asanu timayembekezera kuti chichepe mphamvu, osati kuchuluka kakhumi. De Duve adakana kuchitaya chodabwitsachi. Adaganiza kuti enzaimuyo idalipo kuyambira pachiyambi koma idali yotsekeredwa, monga mpeni uli m'chimake, umene ulipo ndithu koma sucheka. Ngati zili tero, chilichonse chong'amba chimakecho chiyenera kutulutsa mphamvu yake. Adayesa njira zosiyanasiyana. Makina a mipeni aja adaitulutsa. Kuumitsa ndi chisanu ndi kusungunulanso kudaitulutsa. Madzi opanda shuga, amene amatupitsa ndi kuphulitsa kathumba kalikonse ka nembanemba, adaitulutsa. Mankhwala onga sopo, amene amasungunula mafuta a nembanemba, adaitulutsanso. Ndipo enzaimu ikatuluka chotero sinkakhalanso pansi pozunguza, inkatsalira m'madzi pamwamba. Zonsezi zinkaloza kumodzi: enzaimuyo imakhala m'kathumba kotsekeka, ndipo masiku asanu a m'firiji adali atangokalambitsa kathumbako mpaka kudontha.

Apa de Duve adaima pa mphambano. Insulini ndiye adali lonjezo la unyamata wake, ndipo odwala shuga adali anthu enieni amene iye monga dotolo adawaona akuvutika. Kathumba kosadziwikaka kadalibe wodwala ndi mmodzi yemwe amene akadamutchula. Komabe adaika insulini pambali, poganiza kuti abwererako akathana ndi kachinthu aka. Sadabwerereko. Sitinganene kuti chisankho chotere n'chanzeru nthawi zonse, pakuti alipo ambiri amene adasiya munda wawo kutsata kanjira ka m'tchire ndi kubwerako chimanjamanja. Mayina awo sitiwadziwa chifukwa mbiri siwalemba.

Poyamba gululi lidakhulupirira kuti kathumbako ndi mitochondria omwewo. Chimene chidawatsegula maso ndi tsoka linanso laling'ono: makina awo ozunguzira adaonongeka, ndipo wophunzira wina, Françoise Appelmans, adakakamizika kugwiritsa ntchito ena ofookerapo. Mitochondria adakhala pansi monga mwa masiku onse, koma gawo lalikulu la enzaimu ija lidatsalira pamwamba. Tsono idali m'chinthu china, chopepukirapo. Zaka zotsatira adapeza maenzaimu ena anayi amene ankayenda limodzi ndi yoyamba ija kulikonse kumene inkapita, ndipo onse ankabisika ndi kutuluka mofanana. Ina imadula mapuloteni, ziwiri zimadula zinthu zosunga malangizo a chibadwa, ina imadula mitundu ina ya shuga. Onse asanu ndi odula, ndipo onse asanu amagwira bwino ntchito mu asidi, monga pepsin wa Schwann. Kodi thumba lodzaza ndi mipeni yamitundumitundu yokonda asidi lingakhale chiyani, ngati si chifu? Mu 1955 adasindikiza zimenezi mu Biochemical Journal, ndipo de Duve adapereka dzina lochokera ku mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza kusungunula, lina lotanthauza thupi.

Chimene chimatichititsa chidwi n'chakuti kufikira pamenepa palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene adaliona laisosomu ndi maso. Adadziwa kukula kwake, kulemera kwake ndi za m'kati mwake mwa kuwerengera kokha, monga mlenje amene amatha kunena msinkhu wa nyama poona mapazi ndi ndowe zake. Chaka chomwecho cha 1955 kudafika ku Louvain mlendo wochokera ku America, Alex Novikoff, amene zaka ziwiri m'mbuyomo adachotsedwa ntchito pa yunivesite ya Vermont chifukwa chokana kuyankha mafunso a aphungu ofufuza za chikomyunizimu. Iyeyu ndiye adatenga zigawo za de Duve ndi kuzijambula ndi maikulosikopu yamphamvu ya elekitironi. Zithunzi zidatuluka mu 1956, ndipo matumbawo adaonekadi, okutidwa ndi nembanemba imodzi, aang'ono kotero kuti pafupifupi 2,000 atandandalikidwa angakwane milimita imodzi yokha. M'zaka zoyambirira za m'ma 1960, James Hirsch ndi Zanvil Cohn ku Rockefeller adaonetsa kuti selo loyera likameza kachilombo, matumba ake ogayira amakakumana ndi kathumba komezera kaja ndi kukhuthuliramo madzi ake. Funso la Metchnikoff lidayankhidwa patapita zaka pafupifupi 80.

Lero tikudziwa kuti m'laisosomu muli mitundu ya maenzaimu pafupifupi 60, yokwanira kugaya mapuloteni, mafuta, shuga wamitundumitundu ndi zina zonse zimene chamoyo chimamangidwa nazo. Pa nembanemba yake pali timapampu timene timapopera asidi m'kati kosalekeza. Pa muyeso wa asidi umene madzi akumwa amakhala pa 7, ndipo kutsika kwa nambala kumasonyeza ukali, m'kati mwa laisosomu mumakhala pakati pa 4.5 ndi 5, pamene selo lonse lili pa 7.2. Chifu chathu n'chaukali koposa, chimatsika mpaka pa 2 kapena kuchepera apo. Chitetezo cha selo tsono n'chapawiri: mipeni ili m'thumba, ndipo ngakhale pang'ono itadontha, kunjako kulibe asidi woti iinole. De Duve adawatchapo matumbawa kuti ndi matumba odziphera, poganiza kuti selo limawaphulitsa likafuna kufa. Dzinalo lidatchuka kwambiri m'mabuku a sukulu, koma lidakokomeza. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi yosunga moyo.

Kusiyana kwa mimba ziwirizi nkwakuti chifu ndi matumbo zimagaya nsima ndi ndiwo kunja kwa maselo, m'njira imene imadutsa m'thupi kuchokera kukamwa, pamene laisosomu limagaya zimene selo lenilenilo lameza kapena zimene zatha ntchito m'kati mwake. Mafuta otchedwa kolesiterolo amayenda m'magazi atakulungidwa m'timipira, ndipo selo limameza kampirako ndi kukamasulira m'laisosomu. Selo lofiira la magazi limakhala masiku pafupifupi 120. Likakalamba, maselo akuluakulu a m'kapamba ndi m'chiwindi amalimeza ndi kuligaya, ndipo chitsulo chake chimabwezedwa kukapangira magazi atsopano. Mbululu ikamasanduka chule mchira wake suduka kugwera m'thamanda ayi. Umagayidwa m'kati ndi kulowa m'thupi la chuleyo. Chiberekero cha mayi, chimene pobereka chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, chimabwerera mwakale m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo maenzaimu omwewa ali nawo pa ntchitoyo.

Nanga chigayo chikasowa mpeni umodzi? Mu 1932 dotolo wa ku Amsterdam, Johannes Pompe, adalemba zimene adaona popima thupi la khanda la miyezi isanu ndi iwiri limene lidamwalira mtima wake utakula modabwitsa. Adapeza kuti minofu ya mtimawo idadzaza ndi glycogen, shuga wosungidwa amene thupi limaika padera ngati chimanga m'nkhokwe. Chifukwa chake sadachidziwe, ndipo sadakhale ndi moyo kuti achimve: adaomberedwa ndi asilikali a Germany mu Epulo 1945, kutatsala masabata ochepa kuti nkhondo ithe, chifukwa chothandiza gulu lokana ulamuliro wawo. Nthendayo idatsala ndi dzina lake. Ana obadwa ndi mtundu wake woopsa amaoneka bwino masabata oyamba, kenaka amayamba kulefuka, kulephera kuyamwa ndi kudzutsa mutu, ndipo popanda chithandizo ambiri samaliza chaka.

Amene adamasula mfundoyi ndi Henri-Géry Hers, mnzake wa de Duve ku Louvain, amene adapitiriza kufufuza za shuga pamene anzake adatembenukira ku matumba aja. Chidamuzunguza mutu n'chakuti mwa ana odwala nthenda ya Pompe maenzaimu onse odziwika otsegula nkhokwe ya glycogen adalipo, ndipo ankagwira ntchito. Mu 1963 adapeza kuti imene ikusowa ndi ina, yokonda asidi, ndipo malo ake ndi m'laisosomu. Tsiku ndi tsiku glycogen pang'ono amalowa m'matumba aja. Popanda womudula amangounjikana, thumba limatupa, limadzaza selo, mpaka mnofu umaleka kugwira ntchito. Hers adaona msanga kuti nkhaniyi si ya nthenda imodzi. Pa mpeni uliwonse umene ungasowe payenera kukhala nthenda yakeyake. Ndipo zidaterodi. Matenda amene madotolo adawalemba kalekale osadziwa gwero lake adayamba kulowa m'khola limodzi: ya Gaucher, imene idalembedwa mu 1882, Roscoe Brady adaipezera enzaimu yosowa mu 1965, ya Tay-Sachs, yodziwika kuyambira m'ma 1880, yake idapezeka mu 1969. Lero matenda a mtundu umenewu odziwika ndi oposa 50.

Ambiri mwa iwo amabwera pamene bambo ndi mayi onse awiri, ali bwinobwino, anyamula mbewu yolakwika yofanana mosadziwa, ndipo pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi kuti mwana alandire zonse ziwiri. Tikuitchula mfundo imeneyi dala, chifukwa tikudziwa zimene zimanenedwa m'mudzi banja likataya ana awiri kapena atatu mofanana: amaloza chala mayi, kapena agogo ena okalamba a kutsidya. Pa matenda awa palibe amene adalodza, ndipo mbewuyo idachokera ku mbali zonse ziwiri mofanana.

Chithandizo chidatulukira pa khomo lomwelo. Mu 1968 Elizabeth Neufeld ndi anzake ku America adalera m'mbale imodzi maselo a odwala matenda awiri osiyana a mtunduwu, a Hurler ndi a Hunter, ndipo maselowo adachiritsana. Lililonse linkatulutsa enzaimu imene linzake linkasowa, linzakelo n'kuimeza ndi kuitumiza ku laisosomu lake. Popeza ntchito ya laisosomu ndi kulandira zomezedwa, mankhwala angathe kulipeza mosavuta. Mu 1991 ku America adavomereza enzaimu yoyamba yothira m'mitsempha ya odwala nthenda ya Gaucher, yotengedwa m'nsengwa za amayi obereka, ndipo mu 2006 idavomerezedwa ya nthenda ya Pompe. Ana amene kale sakadaona chaka chachiwiri ena akupita kusukulu. Komabe tisabise: mankhwalawa amathiridwa masabata awiri aliwonse moyo wonse, mtengo wake pa chaka umafika madola zikwi mazanamazana, ndipo salowa mu ubongo, kotero kuti nthenda ya Tay-Sachs ikadalibe mankhwala ochiza.

Mu 1963 momwemo, pa msonkhano wa ku London, de Duve adapereka dzina lina, autophagy, kutanthauza kudzidya. Akatswiri adali ataona m'malaisosomu zidutswa za ziwalo za selo lomwelo. Selo limakuta chiwalo chake chokalamba ndi nembanemba, kuchipereka kuchigayo, ndi kumangira zatsopano ndi ufa wotulukawo. Ndipo njala ikafika limachita zimenezi mochuluka kuti lipeze chodya. M'mene zimayendera sizidadziwike mpaka Yoshinori Ohsumi wa ku Tokyo, kuyambira 1988, adayamba kusowetsa chakudya yisiti, yemwe uja wofufumitsa buledi. Adasankha yisiti wopanda maenzaimu ogayira, kuti zomezedwa ziunjikane ndi kuoneka. Mu 1993 adalengeza mbewu za chibadwa 15 zoyendetsa ntchitoyi, ndipo zinzake zidapezeka mwa munthu. Mu 2004 akatswiri a ku Japan adaonetsa kuti ana a mbewa osatha kudzidya amafa tsiku loyamba lobadwa: pakati pa kuduka kwa mchombo ndi kukhazikika kwa mkaka, khanda limadalira nkhokwe ya maselo ake. Ohsumi adalandira mphotho ya Nobel mu 2016. Chiyambire pamenepo pabuka anthu olalikira kuti kudzimana chakudya kumachiza pafupifupi chilichonse. Ife amene tidaonapo mwana wotupikana ndi njala tiziwamva mosamala anthu otere, pakuti zambiri zimene amatchula zidayesedwa pa yisiti ndi mbewa, ndipo nkhokwe yongotapamo osathiramo imatha.

De Duve adalandira mphotho ya Nobel mu 1974 pamodzi ndi Albert Claude ndi George Palade, ndipo adamwalira mu 2013 ali ndi zaka 95. Chinsinsi cha insulini adachimasula ndi anthu ena.

Tidalonjeza kuti nkhaniyi ifika kwathu, ndipo ikufika ndi matenda awiri amene palibe banja limene silikuwadziwa. Mu 1971 ku London, John Armstrong ndi Philip D'Arcy Hart, wachiwiriyu ali nkhalamba yopitirira zaka 70, adaonetsa chifukwa chake chifuwa chachikulu n'chouma mutu. Selo loyera limameza kachilombo kake monga adanenera Metchnikoff, koma kachilomboko kakakhala kamoyo kamaletsa kathumba kamene kalimo kukumana ndi laisosomu. Kamakhala m'mimba mwa mdani wake osagayika, nthawi zina zaka zambiri, kudikira tsiku limene chitetezo cha thupi chidzafooke, monga chimachitira ndi kachilombo ka HIV.

Malungo nkhani yake ndi yotembenuza. Kachilombo ka malungo kakalowa m'selo lofiira kamadya gawo lalikulu la chofiiritsa magazi, ndipo kamachigayira m'kathumba kake ka asidi, mbale wake wa laisosomu lathu. Pogaya pamatsala chinthu chokhala ndi chitsulo chimene ndi poizoni kwa kachilomboko, motero kamachiumba kukhala timiyala takuda tosavulaza. Timiyala timeneti Alphonse Laveran adationa mu 1880 ku Algeria pamene adazindikira kachilomboka koyamba m'magazi a wodwala. Kolorokwini, mankhwala owawa aja amene ambiri a ife tidakula nawo, adapangidwa ku Germany mu 1934. Khalidwe lake ndi lakuti amadutsa nembanemba mosavuta, koma akafika mu asidi amasintha ndi kulephera kutuluka. Motero amaunjikana m'chifu cha kachilomboko, amaletsa kuumba timiyala tija, ndipo kachilombo kamafa ndi nyansi za chakudya chake chomwe.

Koma nako kadapeza njira. Tizilombo tina tidasintha kakhomo kena ka pa nembanemba ya kathumbako kotero kuti kankatulutsa kolorokwini kunja. Mtundu wosamva mankhwalawu udafika kum'mawa kwa Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo m'zaka za m'ma 1980 amayi athu adaona ana akumwa mankhwala onse koma thupi osazizira. Mu 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kuchotsa kolorokwini ngati mankhwala oyamba a malungo ndi kuika Fansidar m'malo mwake. Chodabwitsa chidatsatira. Kakhomo kosinthika kaja kali ndi mtengo wake kwa kachilombo, kotero kuti kolorokwini atachoka, tizilombo takale tomva mankhwala tidachulukanso ndi kupitikitsa tinzake. Kafukufuku amene adachitika pa ana ku Blantyre, nasindikizidwa mu 2006, adapeza kuti kolorokwini adachiza ana 99 mwa 100 aliwonse, pamene Fansidar adali atayamba kulephera kwambiri. Dziko silidabwerere kwa kolorokwini, poopa kuti mtundu wosamva uja, umene udali ukadalipo m'maiko oyandikana nafe, ungabwerenso msanga. Mu 2007 lidasankha LA, mankhwala ophatikiza awiri. Mmodzi mwa awiriwo, wochokera ku chitsamba cha ku China, amayamba kuluma pokhapokha akakumana ndi chitsulo chija chotuluka pamene kachilombo kakugaya magazi. Winayo amasokoneza kuumba kwa timiyala takuda, m'kathumba komwe kaja.